Mutu Woyeserapo Mankhwala

Faifi koloko ya m'mawa inamupeza Luwiza atachapa kale matawulo asanu ndi awiri, anayi atatsala m'beseni. Anali matawulo a kusaluni ya mlamu wake Ivy, pafupi ndi msika wa pa Boma ku Mchinji. Akamaliza kuchapa ankasesa pabwalo, kutereka madzi osamba a Ivy, kenako kusenza matawulo ouma a dzulo n'kukatsekula saluni. Tsikulo linali Lachinayi. Loweruka mwamuna wake Austin anali kubwera kuchokera ku Zambia, patatha zaka zitatu, ndipo Luwiza ankafuna chinthu chimodzi chokha: adzamupeze tsitsi lili pamutu.

Kwawo kunali ku Guilleme, kwa alimi a mtedza. Kuluka anaphunzirira pakhonde, pamitu ya azing'ono ake. Tsitsi lake linali lodziwika mudzi wonse, lakuda bii, lochindikala, akalimasula lofika m'mapewa. Austin, yemwe ankayendetsa thiraki, anamuona akugulitsa mtedza m'mbali mwa msewu ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Tsitsi ili musadzalidule." Anamutenga chitengwa, n'kukamuika m'nyumba ya mlongo wake Ivy. Mwana wawo Chisomo atayamba sukulu, Ivy ananena kuti nyumba yachepa, mwanayo akakhale kwa agogo ake. Kenako thiraki inawoloka boda ndipo Austin anayamba kuimba pafoni ya Ivy yokha.

Pachikwangwani cha saluni panalembedwa dzina la Ivy. Anthu a pa Boma, manesi ndi aziphunzitsi, ankauzana kuti kwa Ivy amaluka bwino. Ivy mwini ankakhala pampando wa pakhomo, foni kukhutu. Zala zinali za Luwiza. Tsiku lina atafunsako ngati sangamaoneko kangachepe kumapeto a mwezi, Ivy anayankha osakweza n'komwe mutu.

"Alamu, mumagona kwa ndani? Nanga mumadya za ndani?"

Nkhani inathera pomwepo.

Panalinso ntchito ina imene sinkatchulidwa kuti ntchito. Mankhwala owotchera tsitsi ankabwera ndi azimayi a geni ochokera ku Chipata, ena m'zitini zofufutika malemba. Ivy anali ndi lamulo lake: mankhwala atsopano sakhudza mutu wa kasitomala asanayesedwe. Mutu woyeserapo unali wa Luwiza. Chitsulo chatsopano chowongolera tsitsi chinkayambanso pa iye, kuti aone ngati chikupsereza.

Chaka chachiwiri cha ntchito imeneyi, nsonga za tsitsi lake zinayamba kung'aluka. Akatenga tsitsi limodzi n'kuliyang'ana padzuwa, kumapeto kwake kunali kutagawika pawiri, kwina patatu, ngati chingwe cha khonje chosasuka. Akapesa, tizidutswa tinkagwera pamapewa ngati mungu. Zoyambitsa zake ankazidziwa bwino, poti tsiku ndi tsiku ankaziuza makasitomala akuwatsuka m'mutu.

"Musamaike mankhwala pamwamba pa mankhwala miyezi iwiri isanathe, amayi. Chitsulo chamoto chichepe. Musapese louma, musaluke momangitsa, ndipo sopo wochapira zovala musiyeni kuzovala. Nsonga ikang'aluka siimatananso. Mafuta amangobisa. Mankhwala ake ndi sizasi basi, ndipo mukachedwa mng'alu umakwera."

Makasitomala ankamvera, iye n'kuwadula pang'ono, tsitsi lawo n'kubwerera. Koma lake sankalola sizasi. Ankalipaka mafuta a nsatsi, Lamulungu akachoka kutchalitchi n'kulimata peyala wosakaniza ndi dzira, kenako n'kulibisa m'duku. Mwamuna anati asadzalidule.

Lachinayi lija Ivy anafika kusaluni cha m'ma teni ali ndi chitini chatsopano, chachikulu, malemba ake owala. Mkati munali makasitomala awiri: Stella, nesi, amene Luwiza anali kumuluka meshi, ndi mphunzitsi wina amene ankadikira pabenchi.

"Alamu, vulani duku mukhale apa."

"Alamu, lero lokha ayi," anatero Luwiza motsitsa mawu. "Masabata atatu sanakwane chiyesereni aja. Bambo a Chisomo akubwera mkuja."

"Ndiye chifukwa chaketu. Awa si a m'zitini zofufutika. Achimwene atumiza okha."

Luwiza anayang'ana chitinicho. Zaka zitatu Austin sanamutumizirepo ngakhale chitenje. Anamasula duku, n'kukhala.

Ivy anapaka mothamanga, kuyambira kumizu mpaka kunsonga, pamene Luwiza akanapaka kumizu kokha. Asanamalize foni inalira. Anapukuta manja n'kutuluka, akuseka ndi wa pafoniyo, mpaka mawu ake anazimiririka cha kumsika.

"Manja ali bwinobwino, eti?" anatero Stella. "Ine ndikulowa ntchito thu koloko."

Luwiza anaimirira n'kupitiriza kuluka, mankhwala ali m'mutu. Poyamba munkayabwa. Kenako munayamba kutentha ngati wathiridwa tsabola pabala. Misozi inkatsika yokha, iye akuwerenga mizere yotsala pamutu wa nesi. Madzi otsukira anali atatha mumgolo, ndipo kupita kumpope kunatanthauza kusiya kasitomala ndi saluni popanda munthu. Ivy anabwerako patatha mphindi makumi anayi.

Luwiza atatunga madzi n'kuweramira m'beseni, tsitsi linayamba kutsalira m'manja. Linkachoka mitolomitolo, lofewa ngati ndere. Madzi anada. Atadzuka, galasi linamuonetsa mutu wa zigambazigamba, pena khungu lofiira, pena tinsonga tofiirira toimirira patokha.

Mphunzitsi uja anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukirabe m'mphuno.

"Pepani, mayi. Koma ngati dimba lolowedwa ndi mbuzi."

Ivy anazungulira mlamu wakeyo, akuyang'ana mofatsa ngati wogula nkhuku.

"Ndi amphamvu. Ndiye kuti mphindi teni zokha zikwana. Bola taonera pano."

"Zikwana pamutu wa ndani?" anafunsa Luwiza.

"Wa alamu anga."

"Alamu anu ndine."

"A ku Chipata. Dzina lawo ndi a Tiwonge. Achimwene akubwera nawo Loweruka, Lamulungu akukawaonetsa kwa amalume. Anena kuti tsitsi lawo ndi losachedwa kupsa, tisamale. Mudzawawotcha ndinu, manja anu ndi abwino kuposa anga. Ndipo mawa mutulutse katundu wanu m'chipinda muja, muziyamba mwagona kukhitchini."

Luwiza anatembenukira kwa Stella. Nesiyo anali atayang'ana pansi, akukonza lamba wa nsapato amene sanamasuke. Mphunzitsi nayenso anayang'ana kumbali. Apa m'pamene Luwiza anazindikira kuti m'salunimo iye yekha ndiye anali kumva nkhaniyi koyamba.

"Musalire, alamu," anatero Ivy. "Ndikubwerekani wigi. Ilipo ija makoswe anadya kumbuyo, simuoneka mukavala duku pamwamba."

Luwiza sanalire. Anamaliza meshi ya nesi, n'kuotcha nsonga zake ndi madzi otentha kuti zisamasuke. Anatsuka mphunzitsi, kumudula nsonga, kumupaka mafuta. Anasesa. Tsitsi lake analitola m'beseni ndi pansi, lonse, n'kulimanga pakona ya chitenje, chifukwa kwawo tsitsi la munthu silisiyidwa poyera. Matawulo akuda anawapinda n'kuwasiya pampando wa Ivy. Aka kanali koyamba kutuluka m'salunimo wopanda mtolo pamutu.

Dzuwa linali lisanalowe pamene anagogoda pampanda wa mayi Anasi, oyandikana nawo nyumba. Mayi Anasi anali achikulire, nawonso ochokera cha ku Guilleme, ndipo pakagwa maliro ndi iwo ankaitanidwa pa tsiku lometa kuti akamete anamfedwa. Anali pamphasa akutongola chimanga.

"Lowani, mayi a Chisomo. Lero mwaweruka dzuwa lili pamwamba, kwagwanji?"

Luwiza anagwada n'kuvula duku. Mayi Anasi anasiya chitsononkho, n'kumugwira chibwano, kumutembenuza uku ndi uku.

"Ana inu. Ndi mlamu wanu uja?"

"Ndi mankhwala a mkazi mnzanga. Amayesera pa ine."

Mayi Anasi sanafunse kuti mkazi mnzake uti. Nawonso ankadziwa.

"Tidule zong'alukazi, tisiye pang'ono. Ndi mafuta a nsatsi limeranso pofika dzinja."

"Mng'alu wafika kumizu, amayi. Palibe chosiya."

"Mukudziwa kuti ine lezala yanga ndi ya chiyani. Mkazi akaoneka ndi mpala, anthu amafunsa kuti wamwalira ndani. Mwamuna wanu ali moyo, akubwera mkuja. Akuchimuna adzati mwamulosera imfa, ndipo pakhomo paja simudzalowanso."

Luwiza anatulutsa kiyi wa saluni pachingwe cha m'khosi n'kumuika pamphasa, pambali pa lichero. Anamasulanso pakona ya chitenje, n'kuyala tsitsi lija pansi, lakuda, lonyowabe. Kenako anakhala tsonga, msana kwa mayi Anasi, n'kuweramitsa mutu monga amachitira amasiye.

"Kiyiyu mudzawapatse alamu anga mawa ine nditakwera minibasi ya ku Guilleme. Koma poyamba tengani lezala yanu ija, amayi. Mundimete lonse, pazilondapo muzipita pang'onopang'ono."