Theka Lomwe Sindinabe

Ndinkagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina ku Zomba, m'nyumba zakale zija za m'tsinde mwa phiri, momwe chinyontho chimalowa ndi m'makabati momwe. Zinali zaka zomwe nkhani za kuba m'maofesi zinali pakamwa pa aliyense. Ukagula nsapato zatsopano, anzako ankayamba ayang'ana kumapazi asanakupatse moni.

Chaka china anatigulira seva, chikompyuta chosunga ntchito za ofesi yonse. Ndinaikonda, sindinama. Memole yake, timakadi momwe kompyuta imasungira zomwe ikugwira panthawiyo, inkadzikonza yokha: kanambala kakasokonekera mkatimo, inkazindikira n'kukonza mwakachetechete. Ine ndinaitcheranso kuti chilichonse izisunga pawiri, kuti kakadi kamodzi ka memole kakafa, kanzake kapitirize ntchito anthu osadziwa n'komwe. Kuipa kwake, ukatero pa sikirini imaonetsa theka lokha la memoleyo. Theka linalo limangokhala phee, kudikira tsoka.

Ndiye kunabwera abambo ena oyendera katundu wa ofesi, aulemu wawo, tayi ali pakhosi dzuwa lonse lija. Anayang'ana pa sikirini, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, memole inagulidwa yambiri kuposa iyi. Ina ili kuti?"

Ndinafotokoza mpaka kukhosi gwa. Ndinatsegula seva, kuwaonetsa timakadi tonse tili m'malo mwake. Ndinati n'chimodzimodzi tayala la sipeya, silizungulira koma lilipo. Iwo anangoti, "Timakadi tikutiona, koma tidziwa bwanji kuti simunasinthe ndi takufa? Makinawo akunena okha."

Abwana anga anandiitanira mu ofesi mwawo. Sanakalipe ayi. Anati, "Achemwali, ine sindikunena kuti mwatenga. Koma pofika Lolemba nambala ija ikhale yokwana."

Ndinapita kwathu ku Chikamveka mtima ukuwawa. Ine wakuba? Ine amene ndinkabweza ndi bolopeni ya mwini ndikaitola pakhonde? Ndinkadziwa kuti ndikachotsa chitetezo chija chosunga zinthu pawiri nambala ikwana, koma kakadi kamodzi kakadzafa ofesi yonse idzaima. Ndikachisiya, dzina langa lipita. Zomba ndi yaing'ono abale, mbiri ikatuluka mu ofesi m'mawa, masana yafika kumsika. Ndinasankha dzina.

Lolemba m'mawa ndinazimitsa seva, n'kuchotsa chitetezo, n'kuyatsanso. Nambala inakwana ndendende. Ndinawaitana onse awiri ndili ndi chimwemwe, poganiza kuti tsopano aona okha kuti palibe chinachoka.

Abambo oyendera katundu aja anayang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa abwana.

"Mwaona? Mukawapatsa mpata amabweza."

Abwana anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chomwe chimandipwetekabe mpaka lero, nati, "Mwachita bwino achemwali. Nkhaniyi ithere pompano."

Inatheradi pomwepo. Ndinagwira ntchito pamalopo zaka zina zambiri, koma kuyambira tsiku limenelo kiyi wa kuchipinda cha seva ndinkachita kukapempha.