Madzi a m'chigubu chachikasu

Loweruka lapitali achimwene anga a Yohane amayenera kuuluka. Inde, kuuluka! Zaka zisanu akhala akulumikiza kandege kuseri kwa nyumba kwathu ku Mabvuku, injini yake ya galimoto yakale, mothandizana ndi bambo athu, amene anakalambira pa umakaniko ku Willowvale.

Tinadzaza kombi kupita pabwalo la ndege la pafamu ina kunja kwa tauni, alamu, akazi a achimwenewo, atatchena ngati akupita ku ukwati.

Achimwene atakhala kale pampando m'ndegemo, bambo anati, "Tsika. Tiimangirire kumtengo, injini ilire kaye."

"Bambo, si tinaiyesa Lachitatu?"

"Lachitatu si lero."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati mdalayu ndi wamantha. Ndisaname, nanenso ndinachita manyazi.

Injini inalira bwinobwino kwa mphindi zingapo. Kenako inatsokomola, mphamvu n'kutha, zii! Bambo anatsegula kunsi kwa thanki n'kukhetsera mafuta m'kabotolo. Petulo pamwamba, pansi madzi.

Madziwo ndinawadziwa ine. Inu a ku Mabvuku mukudziwa kuti mipopi ikauma, chigubu chilichonse n'chamadzi. Lachinayi ndinatenga chigubu chatsopano chachikasu cha achimwene kukatunga madzi pachibhorani, pamjigo paja. Nditakhuthula, ndinachibwezera osaumitsa. Lachisanu iwo anakagulira petulo momwemo, osasuzumiramo n'komwe. Injiniyo ikanazimira pamwamba pa mitengo, bwenzi lero mukuwerenga za maliro.

Ndinaulula pomwepo. Bambo sanakalipe. Anangoti, "Mwaonatu. Tiyeni titsuke thanki."

Abale, timakonda kuombera m'manja amene wauluka. Nanga amene wati "dikira" timamupatsa chiyani? Timamunena kuti ndi wochedwetsa, wachikale. Kondakitala akamva kombi ikugogoda kunsi n'kuuza dalaivala kuti aime, tonse timamukuwiza kuti tachedwa kuntchito. Makaniko akati bwerani mawa ndionenso mabuleki, timapita kwa wina wachangu.

Ndegeyo sinauluke tsikulo. Tinabwerera osajambula chithunzi ngakhale chimodzi, koma ine sindinanyadirepo bambo anga ngati mmene ndinanyadira m'kombi muja, ndikuyang'ana manja awo akuda ndi girisi. Achimwene anakhala pambali pawo, amoyo, akudandaula njira yonse.

Kabotolo kaja alamu akaika pamwamba pa kabati, pamene pamakhala zithunzi za ukwati wawo.

Kwanuko, amene amakuuzani kuti "tsika kaye" munamuthokozapo liti?