Thabwa la pa Ngalande ya ku Mtendere

Inu amene mwatsala pang'ono kugonja, imvani za Nsofwa wa ku komboni ya Mtendere.

Tsiku loika mwana wake Chiti m'manda, Nsofwa anamva achibale a mwamuna wake akunong'onezana kuti mwanayo wafa chifukwa cha mayi wosasamala. Chiti anagundidwa ndi galimoto pamphambano ya kumsika akuchokera kusukulu, amayi ake ali chapomwepo kugulitsa chimanga chootcha. Maliro atatha, mwamuna anachoka pakhomo. Nsofwa anatsala ndi Tiza, mwana wamkazi amene Januwale wotsatira anayenera kuyamba sukulu yomweyo, kuwoloka msewu womwewo.

Anthu ankati ana a m'komboni ndi osamva, amasiya mizere yoyera yowolokera n'kumadutsa paliponse. Nsofwa anafuna kudzionera yekha. Anatenga foni yakale yong'aluka galasi, napempha Moven wometa tsitsi kuti aimangirire kudenga la shopu yake, kamera italoza pamphambano.

"Bamake Chiti, ivi vizakudwalitsani chabe," anatero Moven. "Kamera siibweza munthu."

"Nili na wina wamene azayamba kupita pamene apa," anayankha Nsofwa.

Makondakitala a minibasi ankamuseka. "Ba trafiki, lelo muzatigwira bangati?" Magetsi akathima, foni inkathimanso. Mvula inailowa, Moven anaiumitsa, anaimangiriranso.

Tsiku lina kamerayo inajambula mayi wina akugundidwa pamalo enieni pamene Chiti anagwera. Mayiyo anamwalira. Nsofwa anaonera kanemayo, anabwereza, anabwerezanso, mpaka anasiya kuyang'ana galimoto n'kuyamba kuyang'ana mapazi a anthu.

Mizere yoyera ija inkathera pangalande yakuya yosavundikira. Podumphira ngalandeyo panali pamodzi pokha, pathabwa limene ogulitsa malonda anayala chakumunsi kuti ogula aziwafikira. Pathabwa pomwepo m'pamene minibasi zinkaima. Choncho aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe, ankalowa mumsewu potulukira kuseri kwa minibasi, woyendetsa galimoto asakumuona. Chiti sanali wosamva. Analibe njira ina. Ndipo Nsofwa anali mmodzi mwa amene ananyamula thabwalo tsiku loliyala.

Analira, koma sanabise kanthu. Anapita ndi makanema ake kwa Victor, injiniya wa gulu lofufuza za ngozi zapamsewu. Gululo linabwera ndi makamera ake, ndipo linapeza zomwezo. Ngalande inavundikiridwa ndi konkire pamene mizere imathera, thabwa linachotsedwa, minibasi zinayamba kuimira patsogolo.

Victor anamuphunzitsa ntchito. Lero Nsofwa amakwera makwerero pamphambano za ku Chawama ndi ku Kanyama, kumangirira makamera ndi kuona kumene anthu amapondadi.

Mwamuna sanabwerere. Achibale aja sanapepese. Anthu amamuitanabe kuti Bamake Chiti, ndipo iye amavomera. Koma m'mawa wa tsiku loyamba la sukulu, anaima pakhomo pa shopu ya Moven, n'kuona Tiza akuponda pakonkire, akuwoloka pamizere yoyera, magalimoto ataima, mpaka anafika tsidya lina.

Mwina nanunso muli ndi malo amene mumaopa kuyang'anako. Yang'ananiko, ngakhale maso adzaze misozi, pakuti pali wina amene akubwera pambuyo panu. Musataye mtima.