Wofulula Amayamba Kumwa Yekha

Amayi anga ankafulula mowa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndinakhala zaka zoposa makumi atatu osawatchula, ngakhale kwa mwana wanga weniweni. Anthu akandifunsa kuti kwathu ku Ntcheu makolo ankatani, ndinkati anali alimi. Silinali bodza kwenikweni, popeza mapira ankalimadi, koma mapirawo ankathera mu mbiya. Nditalowa mpingo n'kuvala yunifolomu ya amayi, ndinalumbira kuti mowa sudzadutsa pakhosi panga, ndipo nkhani ya masese a amayi ndinaikwirira limodzi ndi eni ake. Ndinkachita nayo manyazi, ndisabise.

Kuno ku Mangalande amene anayamba kubwera ndi mwana wanga wamkazi, kudzaphunzira ku Birmingham. Ine ndinamutsatira pambuyo pake, n'kupeza ntchito yosamalira okalamba ku Oldbury. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi mnyamata wamtali wa ku France, wa ulemu wake ndithu, wolandira mbale ndi manja awiri chifukwa mwana wangayo anamuphunzitsa. Nkhani ya ukwati itapsa, makolo a mnyamatayo anatiitana kuti tikaone kwawo. Ndinasinthana masiku a ntchito ndi mnzanga wa ku Zambia, ndinakaima pamzere ku London kufuna chitupa, ndipo tsiku lonyamuka lili pafupi mwana wanga anandikhazika pansi.

“Mami, banja lawo limapanga wine. Ndiye please, musakalalikire.”

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamuuza kuti ndinayamba kuyenda m'makomo a anthu iye asanamere mano. Koma mumtima ndinali nditakonza kale zochita: ndikalandira tambula, ndikaigwira bwinobwino, ndikamwetulira, osamwa, ndipo palibe amene akadziwe kuti ndine mwana wa yani.

Tinafika mu Okutobala, atangomaliza kuthyola mphesa. Katauni kawo kali pamtunda, konse n'komangidwa ndi mwala wachikasu, ndipo misewu yake ndi yopapatiza ndi yotsetsereka moti ndinayenda chogwirira khoma ngati nkhalamba zanga za ku Oldbury. Mkamwini wanga ndiye ankatilongosolera. Anationetsa zotsala za linga lakale, zipata zimene kale ankatseka pofuna kudziteteza kwa adani, ndi tchalitchi chimene sanachimange koma anachigoba m'thanthwe. Anati mphesa anazifalitsa ndi amonke zaka mazanamazana zapitazo, ndipo vinyo wake ankakwera zombo kupita kwa Angelezi. Ndinaseka ndekha. Kani anthu amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse aja ludzu lawo n'lochokera kwa makolo.

Chimene chinandigwira mtima ndi minda. Mizere ya mphesa imafika mpaka pakhoma la tauni, ndipo munthu aliyense amadziwa kuti dothi la apa limabereka zotani, la kuseri kwa mpanda limabereka zotani, monga mmene kwathu timadziwira dimba la nzimbe zotsekemera. Bambo a mnyamatayo, munthu wamfupi wa manja okhakhala, anatola dothi n'kundipatsa kuti ndinunkhize. Chingelezi sankachidziwa, choncho zonse zinkadutsa mwa mwana wawo. M'nyumba mwawo, pakhoma la pabalaza, panali zithunzi za bambo awo, agogo awo, ndi bambo a agogowo, aliyense ataima pafupi ndi mgolo, chifuwa chili patsogolo. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Chimene ine ndinakwirira, anzanga anachipachika pakhoma.

Masana anatitengera pansi pa nyumba. Miyala yomangira tauni anaikumba pansi pa tauni yomweyo, ndipo mapanga otsalawo ndiwo anasanduka mosungira vinyo, mozizira chaka chonse. Tikutsika masitepe, fungo linandilandira. Mphuno siiwala. Linali fungo la kuseri kwa nyumba yathu tsiku lachitatu mowa uli m'mbiya, ndipo ndinakhosomola kuti nkhope isandiulule.

Bambo aja anatunga vinyo mu mgolo wa matabwa ndi kachubu kagalasi, n'kuthira m'matambula anayi. Loyamba anandipatsa ine. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuima. Onse anaima. Iwo ankadikira ine monga mlendo wamkulu, ine ndinkadikira iwo, chifukwa kwathu wofulula amayamba kumwa yekha pamaso pa anthu, kuti aliyense aone kuti m'mbiyamo mulibe choipa. Kenako ndinauza mkamwini kuti kwathu amayamba ndi mwini wake. Bambo aja anagwedeza mutu mokondwa. Anazunguza tambula, ananunkhiza, anamwa pang'ono, anachukucha m'kamwa, kenako anawerama n'kulavulira m'kandowa kamene kanali pambali.

Dzanja langa linafika pa tambula la mwana wanga nzeru zisanafike. Ndinamulanda, vinyo wina n'kutayikira pansi.

“Usamwe iwe! Mwini wake walavula!”

Moyo wanga wonse ndinaona amayi akulavula mowa wawo kamodzi kokha. Anali atausiya kwa kanthawi popanda woyang'anira, ndipo ataulawa anakayikira kuti wina waukhudza. Anataya mbiya yonse kudzala, anthu atakhala kale pamphasa. Kuyambira pamenepo thupi langa linkadziwa kuti wofulula akalavula, mwana wako umamuchotsapo.

“Mum, what are you doing?” anatero mwana wanga, mawu ali pansipansi, maso atadzaza manyazi.

Mkamwini anafotokoza modekha kuti bambo ake amalawa migolo yambiri pa tsiku, ndipo atati azimeza sangakwerenso masitepe aja. Kulavula ndi mbali ya ntchito, ndipo kandowako ndi ka aliyense. Ndinaima ndi matambula awiri m'manja, ine amene ndinayamba kuyenda m'makomo a anthu mwana wanga asanamere mano. Safunsa anadya phula.

Atamva zimene zachitika, bambo aja anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anasiya kuseka n'kufunsa funso kudzera mwa mwana wawo. Anati mlendo wamba sayang'ana pakamwa pa wolawa, amayang'ana tambula lake. Nanga ine anandiphunzitsa ndani?

Ndikanatha kunena kuti ndi mwambo wa kwathu basi, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma zithunzi zija zinali pamwamba pa mitu yathu, ndipo ndinali nditatopa. Ndinati amayi anga ankafulula mowa wa mapira, ndipo anthu ankadutsa midzi itatu kudzaumwa. Sindinayang'ane kumene kunali mwana wanga.

Bambo aja sanadabwe n'komwe. Anayamba kufunsa ngati mmisiri amene wakumana ndi mnzake. Chimera ankachinyika masiku angati? Nyengo yozizira ankatani? Ankadziwa bwanji kuti wapsa? Ndinayankha zonse, ndipo ndinadabwa kuti palibe chimene ndinaiwala. Ndinati mu Juni ankafunditsa mbiya ndi masaka, ndipo sankatsegulatsegula, ankangoika khutu pambiya n'kumvetsera. Atamva zimenezo anandigwira pamkono n'kunditengera chipinda china, kumene mphesa za chaka chimenecho zinali kuwira mu mgolo waukulu. Anandilozera kuti ndiike khutu. Munali kaphokoso konga mvula yowaza padenga laudzu, komwe kaja. Ndinalira pang'ono, ndipo iwo anayang'ana kumbali monga munthu wolemekeza.

Titabwerera pa matambula athu, anatenga lawo, anandiyang'ana, n'kumwa mpaka kumeza, pakhosi pakuoneka. Ndiye nanenso ndinalawa, ndinachukucha, n'kulavulira m'kandowa muja ngati katswiri. Lumbiro langa silinasweke. Ndinawauza kuti wapsa bwino, ngakhale amayi akanati wachepa thupi.

Mwana wanga sanalankhule nane za nkhaniyi mpaka titakwera basi yochokera ku bwalo la ndege la Birmingham. Ndinkaganiza kuti wakwiya chifukwa cha tambula lija, ndiye ndinayamba kupepesa. Anandidula.

“Si zimenezo, Mami. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyang'ana ma photo aja pakhoma. Akandifunsa za kwathu ndimangoti we were just farmers. Ndimaona ngati ndikulowa m'banja muja chimanjamanja. Bwanji simunandiuze?”

Ndinati ndinkaopa kuti angamuseke, ndipo iye anati amene ankaopa kusekedwa si iyeyo. Zinandipweteka chifukwa zinali zoona.

Chinkhoswe tinachitira mu holo ina ku Oldbury chaka chotsatira. Kutatsala milungu iwiri ndinakagula mawere m'kasitolo ka ku Lozells, ku Birmingham, ndinawanyika, n'kuwayala m'kachipinda ka thanki ya madzi otentha kuti amere, poti dzuwa la kuno n'losadalirika. Mwana wanga ankabwera akaweruka kuntchito kudzaona chimera, ndipo ndinamuphunzitsa kuika khutu pa ndowa. Tinaphika thobwa, osati masese, chifukwa amayi a mpingo anali oitanidwa ndipo ine ndikadali mmodzi wa iwo.

Asewele anga, bambo a mkamwini aja, anabwera kuchokera ku France atavala jekete lowathina. Nthawi ya thobwa itakwana, atsikana operekera anafuna kuyamba ndi alendo, koma ndinawaimitsa. Ndinaima patsogolo pa amayi onse a yunifolomu, amene ankandidziwa ngati mwana wa alimi, ndinatunga m'chikho, ndipo ndinati wophika ndine, amene anandiphunzitsa ndi amayi anga, ofulula mowa odziwika a kwathu ku Ntcheu. Ndinamwa anthu onse akuona, n'kupatsira mwana wanga chikhocho.