A January Namakhwa Akalembetsanso Usilikali

Pa khonde la sitolo ina ya Mmwenye ku Limbe, m'mbali mwa msewu wotsikira ku siteshoni ya sitima, pankakhala atelala anayi, aliyense ndi makina ake. Wa kumapeto kwenikweni, kumene mvula inkayambira kuwaza, anali a January Namakhwa. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo, nakhazikika ku Chigumula, ndipo a January anabadwira konko. Sanali munthu womuimbira nyimbo. Anali wamfupi, wa miyendo ya matewe. Akabudula ankasoka bwino, koma makolala a malaya anawavuta moyo wawo wonse.

Ku Limbe ankadziwika ndi mawu amodzi. Aliyense wobweretsa nsalu ankawamva asanamuyeze m'chiuno: "Tsiku limene adzatiitanenso, ine ndidzasiya nsalu ili pa singano."

Ku nkhondoko anapitadi. Analowa gulu la asilikali la Keyala m'chaka cha 1942, anakafika mpaka ku Bama, ndipo anabwerako patapita zaka zinayi opanda mzere wa udindo ngakhale umodzi pamkono. Ntchito yawo inali yokoka nyulu zonyamula zipolopolo m'mapiri. Apa ndipo panali vuto. Anzawo obwera ku nkhondo ankasimba za mizinga ndi za adani obisala m'mitengo, koma a January akayamba kusimba, nkhani inkathera pa nyulu: ina yokana kuoloka mtsinje, ina yodya chipewa cha mzungu. Kuwonjezera apo, kabuku kawo kotulukira usilikali, kamene anakasomeka m'denga kuti ana asakang'ambe, chiswe chinakadya n'kusiya zikuto zokha. Pang'onopang'ono anthu anayamba kutsinana. A Hilary, telala wa makina oyandikana nawo, sankachita kubisa.

"Achimwene, inu munapita ku nkhondo kapena munapita ku ubusa? Abulu alipo ku Dedza konkuno, simukanavutika kuoloka nyanja."

A January ankangopalasa makina mwamphamvu. Koma mawuwo ankawalasa, pakuti pa zonse zimene anachita m'moyo, zaka zinayi zimenezo ndizo ankaziwerenga.

Kumene ankalemekezedwa kunali ku beni. Lamlungu lililonse masana, amuna okwana makumi atatu ankasonkhana pa bwalo la m'munsi mwa Mpingwe kuvina gule ameneyu, amene amatsanzira perete wa asilikali. Anali onyamula mabelo ku okushoni ya fodya, ogwira ntchito ku njanji, alonda ndi ophika m'nyumba za azungu. Ankavala khaki, mfuti zawo zinali zosema, mendulo zawo zinali zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa ndi hamala. Gululo linali ndi maudindo ake, ndipo sankaseweretsa. Jenerali anali Che Abdala, wokonza njinga pafupi ndi msika. Panali makaputeni awiri, panali ndi dokotala wa chopimira pachifuwa cha chubu cha njinga. A January anali sajeni chabe, chifukwa maudindo ankatsata amene anayamba kulowa m'gulumo, koma ndiwo ankaphunzitsa kuguba.

Anaphunzitsa zonse monga anaziphunzirira ku Zomba, kupatula chinthu chimodzi. Msilikali weniweni akamva "Holoti!" amaponda kawiri n'kuuma ngati chitsa. A January anaona kuti kuuma koteroko sikukondweretsa amayi oonerera, choncho anaikapo ndiwo. Ku Mpingwe, akamva "Holoti!" ankaponda kawiri, kuthyola chiuno kumanzere, kuthyola kumanja, kuzungulira kamodzi, n'kukuwa onse pamodzi kuti "Eee-ya!" Nthungululu zinkamveka mpaka ku Bangwe. Anachita zimenezi Lamlungu lililonse kwa zaka khumi.

M'chaka cha 1956, Chitaganya chili ndi zaka zitatu, mesenjala wa boma anadutsa m'makonde a Limbe akulengeza kuti amene anakhalapo asilikali akaonekere ku Boma ku Blantyre Lachisanu m'mawa. Sikuti kunali nkhondo. Ankangofuna kulemba mayina a amene akadali ndi mphamvu, kuti atafunika adziwe kowapeza.

A January anaimitsa makina.

"Nsalu ija ili pa singano, achimwene," anatero a Hilary. "Bwanji, mukukamenyera Chitaganya chimene tonse tikuchikana?"

"Chitaganya ndimachikana ngati inu nomwe. Ine sindinalumbire kwa Chitaganya. Ndinalumbira kwa Keyala."

"Chabwino. Akakulembani mudzatiuze. Koma akakafunsa kabuku, mudzawatumize kwa chiswe."

Khonde lonse linaseka. A January anadziwa kuti akabwerako osalembedwa, kusekako sikudzathanso mpaka kumanda.

Kunyumba, akazi awo a Magdalene anamva nkhaniyo akusenda chinangwa, osadzutsa mutu.

"Abambo ake Hilda, zaka zanu ndi zingati?"

"Makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi."

"Munali ndi zomwezo pamene Hilda ankabatizidwa. Pano Hilda ali ndi chibwenzi."

"Msilikali sakalamba."

"Ndiye bondo limene ndimalithowa lija ndi la yani? La aneba?"

Komabe anatulutsa m'bokosi malaya akale a Keyala, anawachapa, anawasita. Anali atayera ngati thumba la ufa, ndipo mabatani a pamimba anakana kukumana ndi mabowo ake.

Cholakwa cha a January chinali kukatsanzika ku beni. Anangoti akauze anzawo kuti mwina Lamlungu lina sadzaoneka. Che Abdala anamva, anavula chipewa chawo cha nthenga, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Che Sajeni, inu mupite nokha ku nkhondo, Jenerali wanu ali pano akupopa njinga? Anthu adzati chiyani?"

"Che Abdala, akufuna asilikali enieni."

"Nanga ife ndife a dongo? Yunifomu tili nayo. Kuguba timatha, mphunzitsi ndinu nomwe. Chatsala ndi mfuti yolira basi, ndiye azikatipatsa konko. Anyamata, ndani atsala?"

Palibe anatsala. Ndipo sankachita nthabwala. Wophika wina anakatsanzika kwa dona wake ku Namiwawa, mlonda wina anasiyira mlamu wake chibonga. A January anayesa kuwaletsa, koma sajeni saletsa jenerali.

Lachisanu m'mawa ananyamuka ku Limbe m'mizere itatu, ng'oma patsogolo. Che Abdala anatsogolera, lupanga lathabwa m'manja, mendulo khumi ndi ziwiri zikung'anima pachifuwa. A January, malinga ndi udindo wawo, anali pambuyo penipeni, m'fumbi la anzawo. Pofika ku Chichiri anali atatsatidwa ndi amayi ogulitsa nthochi. Pofika ku Ginnery Corner basi inaima kuti anthu aone. Atalowa m'tauni ya Blantyre, makalaliki anatuluka m'maofesi zolembera zili kukhutu.

Pa bwalo la Boma panali kale amuna ngati makumi awiri, asilikali akale enieni, atakhala chete pansi pa mtengo, ena atavala majekete ong'ambika, wina ali ndi ndodo. Pa tebulo panali kalaliki wachinyamata ndi buku lalikulu. Ataona khaki yowala ikulowa, anaimirira mwaulemu, nayamba ndi wa patsogolo.

"Dzina, bwana?"

"Abdala."

"Udindo?"

"Jenerali."

Kalaliki analemba chilembo choyamba, kenaka dzanja linaima.

"Jenerali wa batalioni iti, bwana?"

"Ya Mpingwe."

"Munamenya nkhondo kuti?"

"Ku Ndirande kawiri, ku Bangwe kamodzi. Ku Ndirande anatibera, oweruza anali akwawo."

Kalaliki anatseka buku, anathamangira mkati. Anatuluka ndi Sajenimeja Fabiano, chimunthu chachitali cha ndevu zopota, amene anatumidwa kuchokera ku Zomba kudzayang'anira kalemberayo. Sajenimeja anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mzere. Anagwira mendulo imodzi ya Che Abdala, anaitembenuza, anawerenga dzina la chakumwa kuseri kwake. Anakoka chubu cha dokotala n'kuchisiya chibwerere chokha. Sanaseke.

"Pakati panu alipo amene anadyapo chakudya cha Keyala?"

"Ine, bwana!" anakuwa a January kumbuyo.

"Ifenso ndife okonzeka kudya!" anatero kaputeni wina.

"Chete! Ndiona ndekha. Msilikali sabisika." Anabwerera m'mbuyo, anadzaza chifuwa. "Kwiki machi!"

Anaguba, ndipo kunena zoona anaguba bwino. Mapazi makumi asanu ndi limodzi ankagunda pansi ngati phazi limodzi. Amuna a pansi pa mtengo aja anawongola misana. A January anamva mtima ukukwera: manja akufika pa phewa, chibwano m'mwamba, bondo lija laiwala kupweteka. Anadziuza kuti nthawi ndi imeneyi. Anzawo adzavina, iwo adzauma ngati chitsa, ndipo Boma lonse lidzaona kusiyana kwake.

"Holoti!"

A January anaponda kawiri. Mutu wawo unati ima. Koma chiuno chinali ndi zaka khumi za Malamulungu, pamene mutu unali ndi zaka zinayi zokha za Keyala. Chinathyokera kumanzere. Chinathyokera kumanja. Anazungulira, batani limodzi linauluka, ndipo mawu amene anamveka pamwamba pa onse anali awo: "Eee-ya!"

Amayi a nthochi analuluta. Makalaliki anagwirana mapewa. Mkulu wa ndodo uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Tulukani nonse," anatero Sajenimeja. "Mukavinire ku ukwati."

Che Abdala anachita sawatcha, anatembenuza gulu lawo mwaulemu wonse, natuluka nalo pa chipata. A January sanasunthe. Anaima okha pakati pa bwalo, thukuta likutsika, mimba ikusuzumira pamene panachoka batani.

"Iwe, sunamve?"

"Ndamva, bwana. Koma ine ndine msilikali." Anatchula nambala yawo yonse, mosapumira.

"Nambala munthu amaloweza ya malemu mkulu wake. Kabuku kali kuti?"

"Chiswe, bwana."

"Chiswe. Ndipo amene anaphunzitsa anthu awa kugwedeza matako pa holoti ndani?"

"Ine, bwana."

"Ku Bama unkachita chiyani, kuvinira adani?"

"Ndinkakoka nyulu, bwana."

Nthawi zonse anthu ankaseka akafika pamenepa. Sajenimeja sanaseke. Anayandikira.

"Nyulu ikagona m'matope ndi katundu kumsana, umatani?"

"Sumenya, bwana. Ukamenya imakhazikika. Umamasula lamba wa kumimba, umatsitsa mabokosi, umaiphimba maso ndi malaya ako, n'kuilankhula m'khutu. Ikadzuka umathawa msanga, chifukwa imayamba ndi amene waithandiza."

"Iwe unathawa?"

"Kamodzi ndinachedwa, bwana."

"Ndione."

A January anayang'ana amayi a nthochi pa mpanda, anayang'ana kalaliki. Chipsera chimenecho sanachionetsepo munthu kupatula a Magdalene. Anapita kuseri kwa mtengo, Sajenimeja akutsatira, natsitsa kabudula pang'ono. Panali mano a nyulu, a m'mwamba ndi a m'munsi, ooneka bwino ngati chidindo cha pa positi.

Sajenimeja anayang'ana nthawi yaitali.

"Ife tinkagona m'maenje masiku atatu osadya, tikudikira anthu a nyulu," anatero motsitsa mawu. "Tikamva ziboda tinkadziwa kuti tikhala moyo. Kweza kabudula, mdala." Kenaka anatembenuka, nakuwa kuti ndi a kunja kwa mpanda omwe amve: "Kalaliki! Lemba. Namakhwa, January. Msilikali wa Keyala, wa ku Bama. Mphamvu zilipo, taziona tonse. Koma akadzaitanidwa, chiuno adzasiye kunyumba."

Nkhani inafika ku Limbe iwo asanafike. A Hilary anaimva kwa mesenjala yemwe uja, ndipo tsiku lonse anasoka osatchulanso za chiswe. Che Abdala anakweza a January kukhala kaputeni, ngakhale ena anadandaula kuti alumpha mzere.

Ku Chigumula a Magdalene anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Ndiye akulembani."

"Andilemba."

"Kalata ibwera liti?"

"Tsiku lililonse. Msilikali amakhala wokonzeka."

"Chabwino. Musandisiye ndi denga lodontha. Mawa mumwete udzu, kalata isanabwere."

Anafolera denga. Litatha, a Magdalene anati mkazi wa msilikali sangatsale ndi chimbudzi chakugwa, ndipo anakumba china. Kenaka panafunika khola la nkhumba, kalata isanabwere. Kenaka kuumba njerwa, pakuti ndani adzaumba iwo ali ku nkhondo? A January sakanatsutsa popanda kuvomera kuti mwina sadzaitanidwa, ndipo zimenezo sakanavomera ngakhale pa mpeni. Chitaganya chinatha kalatayo isanabwere. Pofika nthawi imeneyo, banja la a Namakhwa linali m'nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zinayi, ndipo a Magdalene anali atayamba kuloza malo okumbapo chitsime.