Nthutumba pa mfundo ya chitenje

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaiyamba ndili kale ndi imvi. Bambo akunyumba atamwalira ndinatsala ndi zidzukulu zitatu ndi kamunda kosakhutitsa ndi mbuzi yomwe. Mnzanga wa kukwaya ndiye anandiuza kuti Mayi Makwinja, aphunzitsi a ku Mauwa, akufuna munthu wophika. Sindinamukhulupirire. Munthu akakulozera ntchito osaitenga yekha, pamakhala chifukwa. Ndinayenda wapansi kukadzionera ndekha, ndipo ndinayamba ndasuzumira kukhitchini ndisanayang'ane nkhope ya mwini nyumba.

Anandilemba tsiku lomwelo. Mawu awo anali ochepa: "Anambewe, zapakhomo pano n'zochepa. Muzizisamala." Ndinazisamaladi. Mchere ndinkaubisa kudenga, machesi m'chitini cha tiyi, mafuta ophikira kuseri kwa mtondo. Ine sindikhulupirira munthu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Khirisimasi itayandikira, inali nthawi ya banja limeneli kulandira abale onse a abambo, amuna awo a Mayi Makwinja. Ndalama zinali zitathera ku feteleza. Tinali ndi tambala mmodzi, mpunga wa m'kandowa kakang'ono, makabichi awiri, mbatata ya kachewere ndi tomato wapadimba. Anthu oyembekezeka anali opitirira makumi awiri, pamodzi ndi amalume awo a abambo, eni mbumba, ochokera ku Magomero.

Amene sanaphikirepo gulu amayesa nzeru ili mumphika. Ayi, imayambira pakhomo. Mlendo akangokhala pamphasa mumpatse thobwa lolimba, lodzaza chikho, ana muwaunjikire mango. Mimba ikayamba yanyowa, dzanja silithamanga pambale. Mpunga ndinaupeta m'lichero, n'kusankha timiyala kamodzikamodzi, kenako n'kuuphika ndi madzi ochulukirapo pang'ono kuti ufufume. Kabichi ndinamudula wopyapyala ngati udzu. Tambala ndinamudula potsata mfundo za mafupa: ntchafu iliyonse patatu, phiko pawiri, chidale pasanu ndi kamodzi, msana panayi. Kachewere ndinamudula kukula kofanana ndi nthulizo, n'kumukazinga m'mafuta omwewo kuti mumsuzi asasiyanitsike msanga ndi nyama.

Tsono pali nthutumba. Kwathu kuno nkhuku yopanda nthutumba si nkhuku. Imapita m'mbale ya munthu wamkulu, ndipo ikasowa, ngakhale patakhala ntchafu zonse, ndiye kuti mwamunyoza, komanso wophika ndi wakuba. Tsiku limenelo kukhitchini kunali piringupiringu. Uyu akuti akufuna moto, uyu akuti akulawa mchere, uyu wangobwera kudzathandiza ndi maso. Mvula inali itanyowetsa nkhuni, utsi uli tolotolo, ine sindikuona bwino manja a anthu. Ndiye nthutumba itapsa ndinaivuula, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi lowauka, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje changa, pamene timamangapo ndalama ya chigayo. Ndinati ndiiika ndekha m'mbale ya amalume nthawi yopakula. Sindinauze munthu aliyense. Ndikanauza ndani?

Nthawi yopakula isanakwane analowa achemwali awo a abambo, amene ankakhala kutauni. Anatenga chipande n'kuyamba kuvundula mumphika, akuti akufuna kukonza okha mbale ya amalume awo. Anavundula kawiri, katatu. Kenako maso awo anatsika n'kuima pa chitenje changa. Mafuta anali atadutsa tsamba lija n'kudetsa nsalu, banga loonekera patali.

"Agogo, tamasulani apo tione," anatero, mokweza kuti a pakhonde amve.

Ndinamasula. Nthutumba inaonekera, ikadali yofunda. Amayi onse anasiya zimene ankachita. Wina anaseka chapansipansi n'kunena kuti agalu a masiku ano amavala chitenje. Ndikanati ndimaisungira amalume, ndani akanavomera? Wakuba aliyense amatero. Ndinaona ntchito ikutha, komanso ndinaona zoposa apo: zidzukulu zanga zikupita kusukulu, anzawo akuziloza kuti agogo awo anagwidwa ndi nyama m'chiuno tsiku la Khirisimasi. Dzina lotere silichoka ndi sopo.

Mayi Makwinja anafika atanyamula beseni la mbale. Anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana tsamba, anayang'ana ine. Anaika beseni pansi mosafulumira.

"Alamu, ndinawauza ndine kuti aisunge pathupi. Kukhitchini kuno lero manja achuluka."

Anatenga nthutumba ija n'kuiika pamwamba pa mpunga wa amalume, n'kupereka mbaleyo kwa mlamu wawoyo kuti akapereke okha. Nkhani inathera pomwepo. Chakudya chinakwana, aliyense anapeza kanthu kokukuta, ndipo amalume anayamikira msuzi.

Alendo atabalalika dzuwa likupendeka, ndinapeza kuti mwini nyumba sanadye. Nthuli yawo anali ataiika m'mbale ya mlamu wawo yemwe uja. Mumphika munatsala khosi ndi zipalapasiro ziwiri. Tinakhala pansi tonse awiri pafupi ndi mafuwa, tikupala nkhoko za mpunga ndi supuni imodzi. Ndinawafunsa chifukwa chimene ananamira, pomwe sanadziwe chimene chinali mumtima mwanga.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Anambewe, inu mumandibisira mchere wanga womwe kuti ndisaumalize. Ndiye mukabe nthutumba?" Anathyola khosi lija pakati, n'kundipatsa mbali yokhala ndi mnofu.

Ndinagwira ntchito pakhomo limenelo mpaka Mayi Makwinja anasamutsidwira kusukulu ina. Chimene ndinaphunzira n'chakuti chinthu chobisidwa sichinena amene anachibisa. M'chitenje cha wosunga ndi cha wakuba banga la mafuta n'limodzi. Lero ana ndi zidzukulu akasonkhana kwanga pa Khirisimasi, nkhuku imakhalabe imodzi, ndipo masupuni ndimawawerengabe asanapite. Koma nthutumba ndimaiika poyera, m'kambale pamwamba pa mtondo, aliyense aziiona. Ndimakhala chapafupi, inde, diso lili pomwepo. Khosi lokha ndilo sindipatsa munthu. Ndimalithyola pakati monga anachitira Mayi Makwinja tsiku lija.