Chingwe cha m'dzanja la ababa

Dzulo mwana wanga anatola chipalapasiro cha nkhuku imene ndinkakonza, n'kukoka kamtsempha koyera kaja. Zala za nkhukuyo zinafumbata, iye n'kuphulika nako kuseka. Ine mpeni unandipulumuka.

Ndili mwana, tinali matenanti pa esiteti ya fodya ku Mlonyeni. Ababa anadzitema ndi chikwanje pamkono, chapafupi ndi chikhatho, akudula mitengo ya chigafa. Bala linapola, koma zala zinakana kupinda. Akati agwire khasu, mpini unkangogwa.

"Kuchipatala akuti mitsempha yokoka zala inaduka," amayi anauza mnzawo kuchitsime.

Ine nditamva ndinadabwa nawo akuluakulu. Si kungokoka basi, ngati mmene zimachitikira ndi nkhuku? Masana ababa atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinagwira dzanja lawo n'kuyamba kukanda chipsera chija ndi chikhadabo.

"Ukufunanji, Esinati?"

"Chingwe chanu. Ndikachipeza ndikoka, ndiye mugwira khasu."

Sanaseke. Ananditambasulira mkono wonse, wonunkha fodya, nati, "Funafuna, mwanawe. Ukachipeza ukawauze akapitawo."

Ndinakanda mpaka panatuluka timagazi, iwo osabweza mkono. Chingwe sindinachipeze. Fodya asanaume m'chigafa, akapitawo anapereka nyumba yathu kwa banja lina.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ndinakanda pamalo polakwika. Sindinkadziwa kuti dzanja losafumbata limatsala ndi ntchito imodzi yokha, ndipo ababa anaigwira pamsika wa paboda mpaka imfa yawo: kulitambasulira anthu odutsa.